Mwendo Pachingwe, Manja Pachitsulo

Lachitatu, 5 Juni

Akazi anga, mayi a Ella, andibweretsera kope ndi cholembera. Akuti ndizilemba zimene madokotala akunena, chifukwa akandifunsa ndimakhala nditaiwala theka. Ndiye ndayamba.

Ndine Raphael, wowotcherera zitsulo ku Mbayani. Lolemba m'mawa ndikuwoloka msewu pafupi ndi msika wa Blantyre, njinga yamoto ya kabaza inandiwomba. Fupa la ntchafu yamanja lathyoka pakati. Atandijambula anandionetsa chithunzi chake. Likuoneka ngati paipi yodulidwa ndi munthu wosadziwa ntchito.

Aboola m'munsi mwa bondo, alowetsa kachitsulo kopingasa, amangirirapo chingwe. Kumapazi kwa bedi kukulendewera chitsulo cha makilo asanu ndi awiri. Akuti chizikoka fupa kuti likhale pamzere mpaka tsiku la opaleshoni. Kutembenuka sindingathe. Zonse ndikuchitira pabedi pomwepa, ndi zamanyazi zomwe.

Lachinayi, 6 Juni

Mankhwala: panado katatu pa tsiku, ndi mofini wamadzi wobiriwira. Magazi akuti achepa pang'ono, andipatsa mapilitsi owonjezera.

Mofiniyo akangotsika kukhosi, ululu umachoka, kenako kumabwera kutakasuka kwina kumene ndimakudziwa bwino. Ndachita mantha. Adokotala atafika pabedi langa ndawauza.

"Adokotala, ine ndinali munthu wa kachasu. Ndi mankhwala a chifuwa aja, ndinkamwa botolo lonse ngati thobwa. Ndinasiya zaka zinayi zapitazo. Zobiriwirazi mungondichotsera."

Sanadabwe. Ndi mayi wachitsikana, wolankhula mosathamanga.

"Mwachita bwino kundiuza, bambo. Koma fupa la ntchafu si chala. Tikakusiyani ndi ululu wonsewo, ndi umene ungakutumeni kukafuna zina. Tizichepetsa pang'onopang'ono, ndipo azikupatsani ndi a Sisitala okha."

Alemba pafayilo. A Sisitala Gertrude, amene amayang'anira wodi ino, awerenga n'kundiyang'ana. Andipindira bulangete kumapazi, poti chiperoni chayamba.

Loweruka, 8 Juni

Kumanzere kwanga kuli a Shafik, mkulu wa sitolo ya nsalu ku Limbe. Anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mwana wawo Amna amabwera ndi masamusa, ndipo a Shafik salola kudya okha. Bedi la kumanja lilibe munthu.

M'mawa ndilibe vuto. Pamakhala kukolopa, phala, kuyeza thupi, madokotala. Vuto ndi folo koloko. Imeneyo ndi nthawi imene kale ndinkatseka shedi n'kutsetserekera kwa mayi wa kachasu. Zaka zinayi zonsezi nthawi imeneyo imandipeza kwa a Stafford.

A Shafik anandifunsa kuti a Stafford ndi ndani, ndiye ndawafotokozera. Ndi mlonda wopuma ntchito, kwawo ku Nsanje ngati ife. Nawonso mowa unawafikitsa pogona m'ngalande. Kuseri kwa nyumba yawo kuli benchi la thabwa, mafulaiwilo a galimoto zakufa, ndi zitini za penti zothiramo simenti. Timakumanako anthu ngati khumi, wina wa chamba, wina wa mapilitsi, ambiri a mowa. Sitipemphera, sitilalikirana. Timanyamula zitsulo mpaka manja kulephera kutsegula chitseko. Ukafika kunyumba umangofuna madzi osamba ndi chakudya.

"Ndiye chitsulo n'chimene chinakusiyitsani?" anatero a Shafik.

Ndinawayankha kuti sindidziwa ngati chinandisiyitsa. Chimene ndidziwa n'chakuti ludzu lija likabwera, limandipeza manja ali otanganidwa.

Lero folo koloko yandipeza ndikuyang'ana kudenga.

Lolemba, 10 Juni

Bedi la kumanja lapeza mwini. Dzina lake Mabvuto, woitanira minibasi ku Limbe, bambo wa ana awiri. Anagwa pachitseko minibasi ikuyenda. Msongolo unathyoka mpaka fupa kutulukira, ndiye amumanga zitsulo zakunja ngati mlongoti wa wailesi. Wafika akuseka, akuitana aliyense kuti bigi.

Mofini andichepetsera.

Lachitatu, 12 Juni

Mabvuto sakusekanso. Dzulo manja anayamba kunjenjemera mpaka tiyi kutayikira pachifuwa. Lero masana amakuwa kuti pakhoma pali mphemvu zazikulu ngati mbale. Thukuta lili chuchuchu ngakhale kukuzizira chonchi. Amubaya jakisoni wogonetsa, amuika diripi ya mavitamini.

Odwala ena akuti walodzedwa. Ine ndikudziwa kuti ndi thupi likulira mowa. Zanga zinali njoka, osati mphemvu.

Atatsitsimuka ndinamuuza kuti zimatha, angopirira masiku ochepa. Anandiyang'ana mikono.

"Inu bigi, ndi mabatire amenewo, mungadziwe chani za ife?"

Ndinangoseka.

Lachisanu, 14 Juni

Dzina langa lili pa mndandanda wa ku fiyeta Lolemba. Mayi a Ella abwera ndi makakana a ku Bangula ndi manachesi. Ella akuti walemba bwino mayeso. Mofini ndasiya lero, kwatsala panado ndi burufeni. Mwendo ukupweteka koma mutu ndi wanga.

Lamlungu, 16 Juni

Thupi latentha. Pamene analowetsa kachitsulo patupa, pakutuluka mafinya.

Lolemba, 17 Juni

Opaleshoni yalephereka. Akuti sangaike chitsulo m'kati mwa fupa pali mafinya, tizilombo tingalowe nacho. Ayamba jakisoni wopha tizilombo m'mawa ndi madzulo, kutsuka bala tsiku lililonse. Mwina milungu iwiri.

Anandisalitsa chakudya kuyambira dzulo, pachabe. Sindikufuna kulemba.

Lachitatu, 19 Juni

Ndilembe zimene zachitika, zonse.

Dzulo masana anzake a Mabvuto anabwera kudzamuona. Anamusiyira botolo la madzi akumwa, koma m'kati simunali madzi. Fungo linandipeza asanatsegule n'komwe.

Alendo atatuluka, Mabvuto anatembenukira kwa ine.

"Bigi, nkhope imeneyo ndikuidziwa. Kachivindikiro kamodzi kokha, muiwale mwendowo."

"Sindimwa, aise."

"Shapu. Ndiye ingondisungirani. A Sisitala amasecha lokala yanga, yanuyo sayigwira."

Ndinatambasula dzanja. Sindinaganize, dzanja linangopita lokha. Ndinaika botolo pansi pa bulangete, pambali pa ntchafu yabwinoyi. Patapita nthawi ndinalitulutsa, ndinatsegula, ndinanunkhiza. Malovu anadzaza m'kamwa. Mumtima mukuti, ndani angadziwe, mwendo wathyoka, shedi yatsekedwa, wapirira mokwanira.

Pamwamba pa bedi pali chitsulo chogwirira munthu akafuna kudzikweza kuti amuyalire. Ndinatseka botolo, ndinagwira chitsulocho ndi manja onse, n'kuyamba kudzikoka. Kukwera, kutsika. Chingwe cha mwendo chimagwedera, ululu umalasa mpaka m'mano. Kenako ndinamva mawu kumanzere, a Shafik akundiwerengera chapansipansi. Ndikafuna kusiya amati, "Ina imodzi, bambo." Ndinapitiriza mpaka zala zinatseguka zokha.

Sindinamwe. Koma botolo sindinabweze. Ndinaliika m'lokala, kuseri kwa sopo.

Lero masana mayi a Ella amalongedza fulasiki m'lokalamo, n'kulipeza. Anatsegula, ananunkhiza, anayang'ana pamene mowa walekezera.

"Mwamwa?"

"Ayi."

"Mwatsegula?"

"Ndinatsegula."

"Nanga mwasungiranji?"

Ndikanati ndi la Mabvuto, koma funso silinali limenelo.

Analikulunga m'chitenje. Sanakweze mawu, poti wodi yonse inali ndi alendo.

"Bambo a Ella, ine zaka zija sindibwererakonso. Ndikukuuziranitu."

Anadutsira kwa a Sisitala, anawapatsa botolo, n'kutuluka osatembenuka.

Lachinayi, 20 Juni

Mayi a Ella sanabwere. Chakudya anatumiza ndi mlamu wanga.

A Sisitala Gertrude tsopano akununkhiza botolo lililonse lolowa muno. Mabvuto akuti ndine kapirikoni, kazitape wa a Sisitala, wandifulatira. A Winnie a mafizo, ophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, andikalipira chifukwa chogwedeza mwendo. Thupi latsikako kutentha.

Lachisanu, 21 Juni

Abwera a Stafford. Mayi a Ella anapita kukawauza. Ndimayembekeza kukalipiridwa, koma anakhala pampando n'kuyamba kusenda nachesi wanga.

"Rafa, kununkhiza si kumwa. Komanso si kutali."

"Ndikudziwa, madala."

"Inali nthawi yanji?"

"Cha m'ma folo."

Anagwedeza mutu ngati makaniko amene wamva pamene injini ikulira. Anadzuka kukafuna a Winnie, ndipo ndimawaona pakhomo akukambirana nthawi yaitali, a Stafford chipewa chili m'manja. A Winnie anabwera okha kudzandiuza malamulo: chagada basi, chiuno chisasunthe, zolemera pang'ono, ndipo tsiku loyamba akhalepo iwo. Akuti manja olimba adzandithandiza pa ndodo zoyendera.

Potsanzika a Stafford anayang'ana Mabvuto, amene amanamizira kugona.

"Uyu ndi mwini botolo?"

"Eya."

"Mapewa ali nawo," anatero, n'kumapita.

Loweruka, 22 Juni

Zafika m'thumba la shuga: zitsulo ziwiri za m'manja, za makilo asanu chilichonse. Ndinaziwotcherera ndekha kuchokera ku magiya a lole. Kwa a Stafford timapatsa obwera kumene. Lero zanditulutsa thukuta.

Wodi yonse imaonerera. Bambo wina wa kumapeto anakuwa kuti chipatala chasanduka jimu. A Shafik ndi amene akuwerenga, ngakhale ayamba kutsokomola.

Ndadya chakudya chonse. Folo koloko yadutsa osaiona.

Lolemba, 24 Juni

Mayi a Ella abwera. Sitinakambe za botolo. Anaona zitsulo pansi pa bedi, anazikankha ndi phazi kuti apeze poika beseni. Anandisambitsa kumsana, anandidzoza mafuta pamene payamba kusupuka. Kunyumba phokoso la zitsulo amadana nalo, amati kwa a Stafford ndi mitala yanga. Lero sananene.

Bala lauma mbali imodzi. Jakisoni akupitirira.

Lachitatu, 26 Juni

Ndili pakati ponyamula, Mabvuto walankhula koyamba.

"Tandibwerekani kanthuko tione."

Ndinamupatsa chimodzi. Anakweza kangapo, kenako anachigwetsera pamatiresi n'kutukwana. Ndinamuonetsa kagwiridwe, kuti chigongono chisathawe, apume pokweza. Anayesanso.

Atatopa anagona chagada, akupuma mwamphamvu.

"Bigi, zoona munkamwa?"

"Ndinagulitsapo makina owotcherera a bwana wanga. Ndi mmene ndinkamwera."

"Ndiye ludzu linatha?"

"Silitha. Limachepa, limabwera mwa apo ndi apo. Unaliona wekha sabata yatha."

Kenako anati pa siteji munthu sungaitanire tsiku lonse uli wouma, mawu amatha, manyazi amakugwira. Anzake onse amayamba m'mawa. Akasiya azicheza ndi ndani? Sindinamuyankhe zanzeru. Ndinamuuza njira ya kwa a Stafford, ndi lamulo lawo limodzi: woledzera sagwira chitsulo, koma sathamangitsidwa. Amakhala pansi n'kumawerengera anzake.

"Ndiye ine ndizikakhala wowerenga," anatero, n'kuseka.

Lachisanu, 28 Juni

Tsopano onyamula tilipo anayi. A Winnie abweretsa malamba okoka a labala kwa amene sangathe zitsulo. A Sisitala akuti bola izi kusiyana ndi kukangana za mpira.

A Shafik sanawerenge lero. Chifuwa chawagwira, awaika mpweya. Amna wakhala pambali pawo tsiku lonse.

Lamlungu, 30 Juni

A Shafik amwalira m'mawa, kutangocha. Chibayo.

Abale awo anabwera msanga, anawatenga kuti akaikidwe lero lomwe monga mwa Chisilamu. Amna polongedza katundu anabwera pabedi langa kudzatsanzika. Anati bambo ake amakamba za ine.

Munthu ndamudziwa milungu itatu yokha. Sanalawepo mowa moyo wake wonse, koma tsiku lija sanandifunse funso ngakhale limodzi, anangowerenga.

Kale maliro ndiwo anali chifukwa changa chachikulu chomwera. Masana ndinanyamula. Anawerenga ndi Mabvuto.

Lachiwiri, 2 Julayi

Mabvuto watulutsidwa, azibwera kudzatsukitsa bala. Anzake aja ndi amene anabwera kudzamutenga, ndipo mmodzi amanunkha kale mowa. Mabvuto anandigwira dzanja.

"Mbayani, kuseri kwa chigayo, geti la malata. Ndasunga, bigi."

Sindikudziwa ngati apite.

Magazi anga ali bwino, mafinya atha. Fiyeta Lachinayi.

Lachisanu, 5 Julayi

Zatheka dzulo. Anandibaya kumsana, miyendo inafa, ndimamva akukhoma ngati kushedi. Aika chitsulo chachitali m'kati mwa fupa. Chingwe achotsa.

Mofini wa tsiku limodzi, ndinavomera. Ndikusanza. Basi.

Lamlungu, 7 Julayi

Ndaimirira. A Winnie mbali ino, mayi a Ella mbali inayo. Chizungulire chinandigwira, wodi inapendekeka, koma manja anagwira ndodo bwinobwino. Ndafika pakhomo la wodi n'kubwerera. Ntchafu yamanja yaonda ngati si yanga.

Ndaona panja koyamba. Phiri la Soche lili m'nkhungu.

Lolemba, 8 Julayi

Ndafunsa adokotala za zitsulo. Akuti manja ndi chifuwa ndinyamule mmene ndingathere, nditagona kapena nditakhala. Koma kusenza cholemera nditaimirira, kapena kunjuta nacho, ayi, mpaka fupa ligwirane. Mwina chaka chamawa. Kushedi ndisapite miyezi itatu. Mankhwala opita nawo kunyumba: panado, mapilitsi a magazi. Ulusi akachotsa pakatha milungu iwiri.

A Stafford abwera ndi nkhani. Mabvuto anafika Lachinayi, pa ndodo, ataledzera. Anakhala pa chitini n'kuwerenga mpaka mapeto. Loweruka anabweranso ali bwinobwino, anagona pabenchi. Dzulo sanaoneke.

"Abweranso?" ndinafunsa.

"Iwe unasowa kangati usanakhazikike?"

Atapita ndinayamba kuganiza zakunyumba. Kwa a Stafford n'kumtunda, njira yake ya miyala ndi ngalande, pa ndodo sindingafikeko. Mayi wa kachasu ali nyumba yachitatu kuchokera pathu, mphepo ikatembenuka fungo limalowa pazenera. Mayi a Ella amakhala kumsika tsiku lonse, ana kusukulu. Miyezi itatu ndili ndekha pakhonde. Muno muli a Sisitala onunkhiza mabotolo. Kunyumba kulibe.

Ndawauza mayi a Ella madzulo ano, mmene ndalemberamu. Ndinati ndikuopa kutuluka. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawauzepo kuti ndikuopa kanthu. Anamvetsera, akupinda zovala.

"Ndamva," anatero. Anatenga beseni n'kumapita.

Lachitatu, 10 Julayi

Ndikulemba ndili kunyumba.

Atitulutsa masana. Zitsulo ziwiri zija ndasiyira a Winnie, akuti wodi iziyeserera. A Sisitala Gertrude anandiperekeza mpaka pakhomo n'kunena kuti asadzandionenso.

Galimoto inatisiya pamsewu, poti kwathu siifika. Ndimaganiza kuti nditsetsereka bwanji, ndikuona anthu anayi a kwa a Stafford atayima ndi mpando wapulasitiki. Anandikhazika, anandinyamula m'mwamba ngati mkwati, ana a m'njira akutilondola. Tinadutsa pakhomo pa mayi wa kachasu. Anthu okhala pamabenchi ake anandikuwira kuti bwera tikulandire. Yamikani, amene anagwira kutsogolo, anangowonjezera liwiro.

Titakhota pa mpanda wathu ndinaona benchi la thabwa lili pabwalo, pamene mayi a Ella amayanika zovala. Mafulaiwilo atatsamira khoma. Zitini za simenti zili pamzere. Zonse, jimu yonse. Akuti anazituta dzulo pa wilibala, maulendo ambirimbiri, ndipo amene anapita kukapempha ndi mayi a Ella.

Ndinawayang'ana. Iwo amamasula chingwe choyanikira.

"Musandiyang'ane choncho. Miyezi itatu yokha. Azifika folo koloko, azichoka ana asanadye. Wotukwana atuluke. Ndipo m'mawa a Stafford azidzakhala nanu mpaka ine nditabwera, ndawauza kuti tiyi alipo."

A Stafford anavula chipewa n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kwathu ku Nsanje. "Takhuta, mayi."

"Chitsulo chikangogwera mbaula yanga, nonse mukusamuka."

Anthu anaseka. Mabvuto sanabwere, koma Yamikani akuti amulondolera njira yatsopano.

Dzuwa linali litapendeka. A Stafford anayala thumba pabenchi, anandilanda ndodo, anandigwira m'khwapa.

"Gona apa, Rafa. Mwendo uwongole. Tiyambira chopepuka."

Ndinagona. Anandiika chitsulo m'manja, chozizira, ndipo ndinakweza.